Fumbi la Rosalba ndi Mitambo ya Constable

M'chaka cha 1720 mumzinda wa Paris munafika mayi wina wa ku Venice wazaka 47, dzina lake Rosalba Carriera. Anabwera ndi mayi ake, ang'ono ake ndi mlamu wake, ndipo anafikira kunyumba ya Pierre Crozat, mpondamatiki wina amene ankasonkhanitsa zithunzi. Katundu wa ntchito yake sanali wambiri: mapepala, ndi mabokosi a timitengo ta utoto wouma totchedwa pastel. Sipanapite nthawi, akuluakulu a mumzindamo anayamba kulimbirana kuti awajambule. Anajambula mfumu Louis XV, panthawiyo ili mwana wazaka 10. Anajambulanso Antoine Watteau, katswiri mnzake amene anamwalira akadali wamng'ono mu 1721. Mu Okutobala 1720 bungwe lachifumu la akatswiri ojambula la ku France linamulandira kukhala membala, mwayi umene akazi ochepa kwambiri anaupezapo.

Anthu amenewa akanatha kulipira katswiri aliyense wa utoto wamafuta, koma anathamangira fumbi. Ine ndimakhulupirira kuti chifukwa chake ndi nthawi, ndipo kuti mbiri yonse ya ntchito yojambula nkhope za anthu ndi maonekedwe a dziko yagona pamenepo. Munthu wokhala pampando amatopa, khosi limawawa, nkhope imagwa. Dzuwa nalo limayenda, mthunzi umene unali kumanzere kwa mtengo umapezeka uli kumanja. Wojambula aliyense amalimbana ndi zimenezi, ndipo chida chimene wagwira m'manja ndicho chimamuuza kuti watsala ndi mphindi zingati. Ukadziwa zimenezi, umasiya kungofunsa ngati chithunzi chafanana ndi mwiniwake.

Utoto wamafuta ndi wakalekale. Pamakoma a mapanga a ku Bamiyan, ku Afghanistan, akatswiri anapezapo zithunzi za mafuta za m'zaka za m'ma 600. Koma amene anaonetsa azungu a ku Ulaya zimene mafuta angathe kuchita ndi Jan van Eyck wa ku Bruges. Chithunzi chake cha 1434, cha wamalonda wa banja la Arnolfini ndi mkazi wake, chili ku National Gallery ku London. Muli kagalu ka ubweya wonyankhalala, malalanje pafupi ndi zenera, nsapato zamatabwa zovulidwa pansi, ndipo pakhoma pali kagalasi kozungulira momwe mukuoneka anthu ena awiri ataima pakhomo. Kuti zimenezi zitheke, ankapera ufa wa utoto pamwala pamodzi ndi mafuta a mbewu za fulakesi. Mafutawa sauma mmene amaumira madzi. Amakoka mpweya n'kumalimba pang'onopang'ono, masiku angapo, nthawi zina milungu. Wojambula amapaka utoto wopyapyala, amadikira, amapakanso pamwamba pake, amadikiranso. Kuwala kumadutsa m'mipako yonseyo n'kubwerera m'maso mwa woonayo, n'chifukwa chake khungu la pachithunzi chabwino cha mafuta limaoneka kuti lili ndi magazi pansi pake. Koma mwini nkhope ayenera kubwera kangapo, ndipo chithunzi chikatha pamadutsa miyezi asanachipake vanishi.

Pastel alibe zodikira. Ndi ufa womwewo wa utoto, koma m'malo mwa mafuta amausakaniza ndi choko kapena dongo loyera, n'kuthiramo utomoni wa mtengo wochepa kwambiri, wongokwanira kuti ufawo ugwirane. Amaumba timitengo totalika ngati chala n'kutiyanika. Basi. Palibe burashi, palibe madzi, palibe fungo. Umangokhula papepala lokhakhala, kawirikawiri labuluu kapena lotuwa, kenako n'kusalaza ndi chala. Aliyense amene anapukutapo bolodi kusukulu akudziwa mmene choko chimakhalira m'manja, ndipo pastel ndi m'bale wake wofewa kwambiri. Vuto lake n'lakuti sungasakanize mitundu pambali monga amachitira amafuta. Mtundu uliwonse umafuna kamtengo kakekake, kofiira kowala, kofiira kodera, kofiira kopita kuchikasu, choncho katswiri amakhala ndi timitengo mazanamazana m'bokosi, ndipo dzanja lake liyenera kudziwa pamene kalikonse kagona.

Rosalba sanayambire pa mafumu. Mayi ake ankaluka zokongoletsera zovala, ndipo iye atakula anayamba kujambula tinkhope ting'onoting'ono pazivundikiro za timabokosi ta fodya wa m'mphuno, tosemedwa ndi mnyanga wa njovu. Mu 1705 bungwe la ojambula la San Luca ku Rome linamulandira chifukwa cha tizithunzi timeneti. Mzinda wa Venice nthawi imeneyo unkadzaza ndi alendo olemera, makamaka anyamata a ku England amene makolo awo ankawatumiza kuti akaone Italy asanayambe ntchito kapena banja. Mlendo wotere alibe miyezi yodikira mafuta kuti aume. Amafuna akhale pampando kangapo, zitheke, apitirize ulendo. Pastel anawayenera. Komanso anthu a nthawiyo ankadzola ufa woyera kunkhope ndi kutsitsi, ndipo utoto wosanyezimira wa pastel unkatulutsa khungu lotero bwino kuposa mafuta.

Pali kanthu kena ka Rosalba kamene kamandikhudza mtima kwambiri. Okonza zithunzi zakale akatsegula kumbuyo kwa mafelemu ake, nthawi zina amapeza kapepala kakang'ono kopindidwa, kodindidwapo anzeru a kum'mawa atatu aja amene anayenda ulendo wautali kupita ku Betelehemu. Iye ankakabisa pamenepo asanatumize chithunzi kunja, kuti oyera mtimawo achiperekeze. Amene sanagwirepo pastel angaone ngati n'zachibwana. Koma ufa umenewu sumamatira kwenikweni, umangokakamira pa tiulusi ta pepala. Ngolo ikagunda mwala panjira ya ku Germany, tsaya la munthu likhoza kuyoyokera pansi pa felemu. Chala chimodzi chikakhudza, diso lapita. Chinyezi chimabweretsa nkhungu. N'chifukwa chake pastel amakhala kuseri kwa galasi moyo wake wonse, ndipo sakanatchuka chotero zikanapanda kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 a ku France anapeza njira yopangira magalasi aakulu osalala.

Chodabwitsa n'chakuti chinthu chosalimba chomwechi chimasunga mtundu kuposa mafuta. Mafuta ndi vanishi zikakalamba zimapita kuchikasu, zimada, zimachita ming'alu. Pastel alibe zonsezo. Mfumu Augustus III ya ku Saxony ndi Poland inasonkhanitsa zithunzi za Rosalba zoposa 150 ku Dresden, ndipo mumzinda womwewo muli chithunzi chimene Jean-Étienne Liotard wa ku Geneva anajambula cha m'ma 1744, cha mtsikana wantchito atanyamula thileyi ya chokoleti ndi tambula ya madzi. Epuloni yake idakali yoyera mbee, mapindo a posita akuoneka, ndipo m'tambula yamadzi muja mukuoneka kuwala kwa zenera. Zaka zoposa 270 zapita, koma ungati wachimaliza dzulo.

Rosalba sanakwatiwe. Mng'ono wake Giovanna, amene ankamuthandiza ntchito tsiku ndi tsiku, anamwalira m'zaka za m'ma 1730, ndipo patapita zaka maso ake anachita ng'ala. Madokotala anayesa kumuchita opaleshoni koma sizinathandize, anamwalira mu 1757 ali wosaona. Chithunzi chimene anadzijambula maso atayamba kale kuvuta chili ku Venice. Mayi amene anakhala zaka 40 akukometsa masaya a anthu olemera sanadzikometse ngakhale pang'ono: tsitsi laimvi lopyapyala, milomo yotseka, maso awiri osayang'ana mofanana. Kwa ine chimenechi chimaposa zithunzi zake zonse za ana a mafumu.

Ku Paris moto umene iye anayatsa unakolera. Maurice Quentin de La Tour, wobadwira ku Saint-Quentin mu 1704, anafuna kusonyeza kuti pastel angapikisane ndi mafuta pa kukula komwe. Chithunzi chake cha Madame de Pompadour, chimene anachionetsa mu 1755 ndipo tsopano chili ku Louvre, n'chotalika pafupifupi ngati munthu, ndipo anachita kulumikiza mapepala angapo. Anthu amathyola khosi ndi diresi lake la silika ndi mabuku ali patebulo. Ine ndimakonda timapepala timene iye ankayambira ntchito, timene tambiri tikusungidwa kwawo ku Saint-Quentin. Pamakhala nkhope yokha, popanda tsitsi lenileni, popanda mapewa, yojambulidwa mwamsanga munthuyo akucheza. Pakona ya mlomo pamaoneka kuti mawu ali pafupi kutuluka. Chimene pastel amatha kuposa chida china chilichonse n'chimenechi, kugwira nkhope isanatope. La Tour anavutika moyo wake wonse kufunafuna mankhwala omatira ufawo kuti usayoyoke, ndipo zithunzi zake zina anaziononga yekha poyesa mankhwalawo ndi pozikonzakonza.

Kenako pali Jean-Siméon Chardin, amene ankajambula miphika, zipatso ndi akazi a kukhitchini ndi mafuta kwa zaka zambiri, mpaka maso anayamba kumuvuta. Mu 1771, ali ndi zaka zoposa 70, anatenga pastel n'kudzijambula atavala mandala pamphuno ndi kansalu kumutu. Sanasalaze ndi chala. Anasiya mizere yabuluu, yofiira ndi yachikasu itagundizana pakhungu. Ukaima pafupi umaona mikwasa yokhayokha, ukabwerera m'mbuyo masitepe atatu imasanduka nkhalamba yamoyo ikukuyang'ana pamwamba pa mandala. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzi chotere chimafuna uchiyandikire, uchitalikire, uime chakumbali kuti uone mmene dzanja linayendera. Mafumu a ku France atagwetsedwa pa chipolowe chimene chinayamba mu 1789, pastel anagwa nawo, poti anthu ankamuona ngati chida cha olemera odzola ufa aja.

Nthawi yonseyi, wojambula mapiri ndi mitsinje ankakhala kumbuyo. M'zaka za m'ma 1660 André Félibien analemba ndondomeko imene bungwe la ku Paris linkatsatira: pamwamba nkhani za m'Baibulo ndi za makolo akale, kenako nkhope za anthu, ndipo maonekedwe a dziko anali pansi, pafupi ndi zithunzi za maluwa ndi zipatso. Claude Lorrain, amene anakhala ku Rome mpaka imfa yake mu 1682, ankajambula dzuwa likutuluka padoko mokongola zedi, komabe ankaikapo tianthu ta nkhani yakale kuti chithunzicho chikhale ndi dzina lolemekezeka. A ku Holland okha, monga Jacob van Ruisdael, ndiwo ankajambula dziko lawo lathyathyathya popanda kupepesa, chifukwa amalonda akumeneko ankagula.

Koma onsewa ankamalizira ntchito m'nyumba. Panja ankangolemba ndi pensulo kapena inki. Chifukwa chake chinali utoto womwewo. Wophunzira ntchito ankaupera m'mawa, ndipo wofuna kuunyamula ankauika m'kachikopa ka chikhodzodzo cha nkhumba n'kumanga kukamwa. Akafuna kugwiritsa ntchito ankaboola ndi kamsomali, n'kufinya, n'kutsekanso ndi msomali womwewo. Tizikopati tinkaphulika, utoto unkauma. Komabe ena ankalimba mtima. Pierre-Henri de Valenciennes, m'buku lake la 1800, analangiza ophunzira kuti azituluka panja ndi mafuta, koma asapitirire maola awiri pa chithunzi chimodzi, ndipo ngati ndi dzuwa lolowa, theka la ola. Iye anazindikira kuti ukapitirira pamenepo ukujambula nthawi ziwiri zosiyana papepala limodzi.

Munthu amene ndimamukonda koposa pa nkhaniyi ndi John Constable. Anabadwa mu 1776 ku East Bergholt, m'chigawo cha Suffolk ku England. Bambo ake anali ndi zigayo zoyendera madzi ndi mphepo, ndipo mwana wa mwini chigayo champhepo amakula akuwerenga kumwamba. Anajambula nkhope za anthu pafupifupi 100 kuti apeze ndalama, koma mtima wake unali pa mtsinje wa Stour, pa matabwa owola a m'madamu, pa njerwa zandere. M'chilimwe cha 1821 ndi cha 1822 ankakwera kachitunda ka Hampstead, kumpoto kwa London, ndi bokosi lake la utoto, n'kukhoma pepala kuchivundikiro cha bokosilo, n'kumajambula mitambo. Zina mwa zithunzizi zilibe ngakhale nsonga ya mtengo, mitambo yokhayokha. Kumbuyo kwa pepala ankalemba tsiku, ola, ndi kumene mphepo ikuchokera. Ukayang'anitsitsa umaona kuti burashi inathamanga: utoto woyera waunjikana pamwamba pa mtambo, wotuwa wakokedwa mopingasa pansi pake, ndipo m'malo ena mtundu wofiirira umene anayamba wapaka papepala ukusuzumira. Palibe mtambo wa m'mutu pamenepo. Uwu ndi wa tsiku lakutilakuti masana, mphepo ikuchokera kumadzulo, ndipo mlimi akhoza kukuuza ngati ugwetse mvula kapena ayi.

Anthu a nthawi yake sanazione zimenezi, poti sizinali zogulitsa. Chimene anachiona ndi The Hay Wain, chithunzi chachikulu cha ngolo ili m'madzi, chimene anachijambulira m'nyumba ku London mu 1821. Kwawo sichinapeze wogula. Chitapita ku Paris mu 1824 chinalandira mendulo yagolide. Bungwe la Royal Academy linadzamuvomera kukhala membala wathunthu mu 1829, ali ndi zaka 52, mkazi wake atangomwalira kumene. Zimandipweteka ndikaganiza kuti munthu amene anaphunzitsa Ulaya kuyang'ana kumwamba anachedwetsedwa chotero chifukwa chakuti ankajambula ng'ombe ndi mitengo ya kwawo.

Anamwalira mu 1837. Patangopita zaka zinayi, mu 1841, John Goffe Rand, wa ku America wokhala ku London, analembetsa chinthu chimene Constable akanachikonda: kachubu ka chitsulo chofewa kofinya, kosunga utoto wamafuta osauma. Rand mwiniwake anali wojambula nkhope. Nthawi yomweyo akatswiri a mankhwala anali akutulutsa mitundu yatsopano. Buluu wowala amene kale ankachokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Afghanistan, wodula koopsa, anayamba kupangidwa m'fakitale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820. Njanji nazo zinkafika kunyanja ndi kumidzi. Wojambula anatha kuika zonse m'chikwama, kukwera sitima m'mawa, n'kumalizira chithunzi pomwe waimapo.

Claude Monet anaphunzira kujambulira panja kwa Eugène Boudin, amene ankagwira mitambo ya kugombe la Normandy ndi pastel, poti pa liwiro palibe chomuposa. Monet anafuna kuti mafuta athamange chimodzimodzi. Ku National Gallery kuli kachithunzi kake ka 1870 ka akazi awiri atakhala pagombe la Trouville ndi maambulera, ndipo mu utoto wake muli mchenga weniweni umene mphepo inaulutsira pamenepo utoto usanaume. Diresi loyera ndi mikwasa ingapo yokha ya burashi yaikulu. Pofika 1890, ku Giverny, anapeza njira ina yogonjetsera dzuwa. Ankaima pafupi ndi milu ya tirigu m'munda wa mnansi wake ali ndi zinsalu zingapo, kuwala kukasintha ankasiya ichi n'kutenga icho, mawa lake nthawi yomweyo n'kubwerera pa choyamba chija. Mu Meyi 1891 anaonetsa 15 mwa zithunzizi ku Paris ndipo zinagulidwa mwamsanga. Milu ndi yomweyo, koma palibe zithunzi ziwiri zofanana, chifukwa chimene ankajambula ndi ola.

Utoto wamafuta unafikanso kuno kwathu m'zaka za m'ma 1800 zomwezo. Mu 1858 David Livingstone anabwera kumtsinje wa Zambezi ndi Thomas Baines wa ku King's Lynn, amene anapatsidwa ntchito ziwiri, yojambula ndi yosunga katundu wa ulendowo ku Tete. Baines anajambula mzinda wa Tete, mathithi a Kebrabasa kumene tsopano kuli damu la Cahora Bassa, sitima yawo ya Ma Robert, ndi njovu ili m'madzi a Shire ikuomberedwa kuchokera m'sitimayo. Ankadwala malungo kawirikawiri. Mu 1859 Livingstone anamuchotsa ntchito pomunena kuti wasakaza katundu, ndipo china mwa zimene anamudandaulira chinali chakuti ankataya nthawi ndi zipangizo za ulendowo pojambula nkhope za Apwitikizi. Baines anakana mlanduwo mpaka imfa yake ku Durban mu 1875. Mu 1862 anafika ku Victoria Falls ndi James Chapman, ndipo zithunzi zake za mathithiwo zinasindikizidwa ku London mu 1865.

Sindibisa kuti Baines ankajambulira maso a ku London, ndipo chithunzi cha njovu chija chimandiwawa. Koma anali munthu woyang'anitsitsa. Mlambe wake ndi mlambe weniweni, ndipo miyala ya m'Zambezi anaipatsa kuda kwake konyezimira. Zambiri mwa ntchito zake za ulendowu zili ku Royal Geographical Society ku London, ndipo pakati pake pali nkhope za anthu a m'mbali mwa mtsinjewo amene anawalemba ndi mayina awo, monga Conde wa ku Tete ndi Shibante wa ku Mazaro, woyendetsa bwato. Azungu ambiri a nthawiyo ankajambula munthu wakuda ngati chitsanzo cha mtundu, osafunsa n'komwe dzina. Awiriwa anaima pamaso pa Baines nthawi yokwanira kuti awaone bwino, ndipo ndikanakonda zithunzi zawo zitabwera kudzaonetsedwa ku Tete kapena ku Blantyre, ngakhale kwa miyezi itatu yokha.